Chimbale cha nyimbo zotchuka ndi muyeso wa moyo wa munthu

Chimbale cha nyimbo zotchuka kawirikawiri sichibweretsa nyimbo zatsopano. Chimasonkhanitsa nyimbo zimene anthu anazikonda kwambiri m'zimbale zakale za woimba kapena za gulu loimba. Chitsanzo chodziwika ndi cha gulu la Santana la ku San Francisco, limene linkasakaniza magitala a rock ndi ng'oma za ku Latin America. Mu 1974 kampani ya Columbia inatulutsa Santana's Greatest Hits, chimbale cha nyimbo 10 zotengedwa m'zimbale zitatu zoyambirira za gululi. Ziwiri mwa nyimbo zotchuka kwambiri m'menemo anapeka ndi anthu ena: "Oye Como Va" ndi ya Tito Puente, ndipo "Black Magic Woman" ndi ya Peter Green. Pa nthawiyo gululi linali litatulutsa kale Caravanserai mu 1972 ndi Welcome mu 1973, m'zaka zimene mtsogoleri wake, Carlos Santana, anayamba kutsata mphunzitsi wa zauzimu, Sri Chinmoy. M'zimbale ziwirizi sanatengemo nyimbo ngakhale imodzi. Nyimbo zimene mwini wake ankafunafuna nazo Mulungu n'zimene zinatsala kunja.

Apa m'pamene pali funso lopitirira nkhani ya zoimbaimba: kodi munthu angadziwike bwinobwino ndi ntchito zake zochepa zimene ena asankha? Nanga wosankhayo amagwiritsa ntchito muyeso wanji?

Ku Chiradzulu funsoli si lachilendo. A Giddes Chalamanda, amene anabadwira m'bomali mu 1930, anaimba ndi banjo ndi gitala kwa zaka zambirimbiri asanadziwike kunja kwa Malawi. Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zawo zakale, atazilumikiza m'kaimbidwe ka reggae. Pa zonsezo, "Linny Hoo" ndi imene inafala pa TikTok cha kumapeto kwa 2021, mpaka anthu a m'mayiko akutali, osamva Chichewa n'komwe, ankavina nayo. Ntchito ya Namadingo inali yabwino, chifukwa inachititsa achinyamata kumva gogo amene ambiri akanangomudutsa. Komabe dziko linatola kachigawo ka nyimbo imodzi. Zaka zonse zoimba m'midzi ndi m'malo achisangalalo, pamodzi ndi nyimbo zimene sizinajambulidwe, sizioneka pa lamya ya m'manja. Kutchuka kumasonyeza zimene omvera anakonda pa nthawi ina. Sikusonyeza zimene woimbayo anavutikira kwambiri.

Kusankha pakokha si kulakwa. Mutu wa munthu susunga zonse, ndipo chimene sichinasankhidwe kawirikawiri chimaiwalika. Pa maliro, wowerenga mbiri ya womwalira amatchula sukulu, ntchito, ukwati, ana ndi maudindo a kumpingo, n'kusiya mikangano ndi ngongole. Onse okhala pa siwa amadziwa kuti si zonse zanenedwa, koma palibe amene amati wowerengayo wanama. Cholinga chake n'kutonthoza ofedwa ndi kulemekeza malemu.

Chiphunzitso cha zipembedzo chimasiyanitsa kukumbukira kotere ndi chiweruzo. Baibulo lili ndi mitundu yonse iwiri ya mbiri. Mutu 11 wa kalata ya kwa Ahebri ndi mndandanda wosankhidwa wa anthu a chikhulupiriro, ndipo Davide akutchulidwamo popanda mawu alionse onena za tchimo lake. Koma 2 Samueli mutu 11 ukufotokoza mosabisa mmene Davide yemweyo anatengera Bateseba ndi kuphetsa Uriya. Mndandanda wa kwa Ahebri unalembedwa kuti ulimbikitse okhulupirira amene ankazunzidwa, pomwe mbiri ya m'buku la Samueli inasungidwa kuti ngakhale mfumu isabisale kuseri kwa masalimo ake. Asilamu amaphunzitsa kuti angelo amalemba zochita zonse za munthu, zabwino ndi zoipa, ndipo pa tsiku la chiweruzo zidzaikidwa pa sikelo, ngakhale zazing'ono kwambiri. M'zikhulupiriro zonse ziwirizi, munthu sabwera pamaso pa Mulungu ndi ntchito zosankha yekha. Izi n'zoopsa kwa wobisa zoipa, koma n'zotonthoza kwa mayi amene walera ana amasiye popanda womuyamika, pakuti ntchito yosatchuka nayonso imawerengedwa.

Mitundu ya anthu nayo imasankha zoti izikumbukira za ngwazi zake. Chaka chilichonse pa 15 January dziko la Malawi limakumbukira m'busa John Chilembwe, ndipo zolankhula zambiri zimakhudza kuukira atsamunda kwa mu January 1915, kumene kunatha m'masabata ochepa. Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ndipo kwa zaka pafupifupi 15 analalikira, anatsegula masukulu m'midzi, anamanga tchalitchi cha njerwa, ndipo pa mishoniyo amayi ankaphunzira kusoka. Wophunzira amene amadziwa 1915 yokha amamutenga Chilembwe ngati msilikali, pomwe anthu a ku Mbombwe anakhala naye zaka zonsezo ngati m'busa ndi mphunzitsi wa ana awo.