TENGANI MPUKUTU WINA

Mawu a sabata ino: Yeremiya 36 ndi 45

Kaya mukuwerengera ku Jumbe, ku Masumba, ku Nsefu, kapena pa Cropping uku mukudikira makasitomala, uthenga uno ndi wanu.

Ndili ndi funso limodzi. Kabuku kanu kaja kali kuti? Kaja munagula ndi mtima wotentha, n'kumalembamo tsiku, pempho lanu, loto limene munalota, ndi yankho likabwera. Masamba oyamba anadzaza mpaka m'mbali. Manje kali pansi pa matiresi, kapena ana anang'ambamo mapepala, kapena munayatsira mbaula tsiku lina malaiti atapita.

Sindikufunsa ngati woweruza, ayi. Kanga ndinakapeza m'katoni mwezi watha, chiswe chitadya m'mphepete. Tsiku lomaliza kulembamo linali la mu February 2024, nthawi ya chilala chija, ndipo mzere womaliza unali pempho la mvula. Mvula sinabwere. Chimanga chinauma chili chiimire, dzanja langanso linalemera. Kulalikira ndinapitiriza, koma bolopeni ndinaisiya.

Ambiri mukuti ndi ulesi. Kwa ena inde. Koma ena munasiya chifukwa munalemba dzina la mwana wodwala, kenako munakamuika m'manda. Ena munalemba kuti chaka chino nkhokwe idzaza, njovu n'kulowa m'munda usiku umodzi. Ena munalemba za ntchito ya ku loji, makampu n'kutseka mvula itayamba, foni yoti mubwerere osalira. Pepala siliiwala, n'chifukwa chake timaliopa. Mukalitsegula limakuonetsani zimene munapempha, inu n'kumva ngati mukunyozedwa.

Tiyeni tione Baruki, mwana wa Neriya. Iye sanali mneneri, anali mlembi. M'chaka chachinayi cha mfumu Yehoyakimu, Yehova anauza Yeremiya kuti mawu onse amene anampatsa kuyambira masiku a Yosiya alembedwe mumpukutu. Pa nthawiyo Yeremiya anali atalalikira zaka 23. Iye ankalankhula, Baruki n'kumalemba ndi inki, liwu ndi liwu. Taganizani kuwawa kwa msana ndi zala! Ndipo mutu 45 ukutiuza kuti munthuyu anatopa. Anadandaula kuti Mulungu wawonjezera chisoni pa ululu wake, kuti walema ndi kubuula, mpumulo sakuupeza. Mlembi wa mawu a Mulungu, koma mtima unagwa pansi. Ngati Baruki anafika pamenepo, inu musadzione ngati munthu wotayika.

Nanga mpukutuwo unathera kuti? Chaka chotsatira unafika kwa mfumu. Inali nyengo yozizira, mfumu ikuwotha moto wa mumbaula. Yehudi akawerenga magawo atatu kapena anayi, mfumu inkadula ndi kampeni n'kuponya pamoto. Akulu ena anaichonderera kuti isatero, koma sinamve, mpaka mpukutu wonse unasanduka phulusa. Ntchito ya miyezi inatha munthu akuwotha moto.

Mverani bwino apa, chifukwa ndi pamene pali nkhani. Yehova sanatume mngelo kukatola phulusa lija. Sanaitanenso msonkhano wa maliro a mpukutu. Anauza Yeremiya kuti atenge mpukutu wina, alembenso. Yeremiya anaupereka kwa Baruki yemwe uja wotopa uja, ndipo ndime yomaliza ya mutu 36 ikuti pa mawu oyamba aja anawonjezerapo ena ambiri. Wachiwiri unatalika kuposa woyamba. Aleluya! Mfumu yowotcha ija inapita, koma inu lero muli ndi buku la Yeremiya m'foni mwanu.

Mdani amadziwa chimene akuchita akakuchotserani bolopeni. Munthu woiwala amagonja msanga. Mavuto a lero akakukutani, mumayamba kuyankhula ngati Mulungu sanakuchitirenipo kanthu chibadwire. Ine nditakhala pansi ndi kabuku kanga kodyedwa ndi chiswe, sindinayambire kumapeto. Ndinabwerera kumasamba oyamba. Ndinapeza pempho la fizi ya mwana, pambali pake nditalemba kuti yapezeka. Ndinapeza usiku umene amayi akunyumba anadwala malungo kwambiri, n'kudzuka. Zonsezi ndinali nditaiwala, abale, ine amene ndimaima kutsogolo kwanu. Ndinkangokumbukira mzere umodzi wa mvula.

Ngakhale kuno kwathu tili ndi chitsanzo. Ku Msoro kunali wansembe wa Anglican, a Leonard Kamungu, wochokera kunyanja ku Malawi, amene anagwira ntchito kumeneko zaka zochepa n'kumwalira mu 1913. Zaka zoposa 100 zapita, koma zambiri za moyo wawo zikudziwika chifukwa ankalemba makalata. Nanga adzukulu anu adzadziwa bwanji mmene Mulungu anakuolotserani Lupande atasefukira?

Tsono tichite chiyani? Musayese kulemba miyezi yonse imene munadumpha. Pamenepo ndi pamene ambiri mumagwera: mumafuna kuyamba ndi mbiri yonse, mumatopa musanayambe, n'kunena kuti mawa. Tsegulani tsamba loyera, lembani tsiku la lero. Mizere itatu yakwana. Chimene ndikuthokoza, chimene chikundiwawa, chimene ndikupempha. Ngati mtima uli ndi mkwiyo, lembani mkwiyowo. Dandaulo la Baruki linalowa m'Baibulo, ndipo Mulungu analiyankha. Sanamulonjeze zazikulu, anamuuza kuti asazifunefune, koma anamulonjeza kuti moyo wake adzausunga kulikonse kumene angapite.

Musadikire kuti mumve moto mumtima. Amayi sadikira chilakolako kuti apite kudimba, amanyamula khasu chifukwa nthawi yakwana. Sankhani nthawi yanu: m'mawa dzuwa la m'chigwa muno lisanapse, kapena madzulo mbale zitatsukidwa. Lembani m'Chikunda, m'Chinyanja, m'Chingerezi, ngakhale kusakaniza. Palibe aphunzitsi odzachonga ndi bolopeni yofiira. Agogo amene maso anafooka, kapena sukulu simunapite nayo patali, musadzichotsemo. Yeremiya naye ankangolankhula, wina n'kumalemba. Itanani mdzukulu akhale Baruki wanu, ndipo adzamva zimene simunamuuzepo.

Achinyamata mudzati tilemba m'foni. Chabwino, kuposa kusalemba. Koma mafoni angati agwera m'madzi, angati abedwa, angati mwagulitsa zinthu zitavuta? Ine ndikuti kabuku ka pepala, mukakulunge m'pulasitiki, mukaike pamwamba pomwe chiswe ndi madzi sizifika. Pa ichi ndaphunzira mochedwa.

Tipemphere. Atate, m'dzina la Yesu, dzanja lililonse limene linalemera lilandire mphamvu. Chotsani manyazi a masamba opanda kanthu. Amene anasiya chifukwa cha maliro, atonthozeni. Amene mpukutu wawo unapsa, apatseni wina. Tikumbutseni zimene munatichitira. Amen.

Pa mapemphero a pakati pa sabata bwerani ndi kabuku kanu, kakale kapena katsopano, ngakhale kong'ambika. Palibe amene adzawerenge zanu. Tidzakhala chete mphindi 10, aliyense alembe tsiku ndi mizere yake itatu, kenako tidzapemphera. Amene mulibe bolopeni mundiuze pakhomo, ndibwera nazo zingapo.