Ulusi, Singano ndi Kolona



Sabata yatha ndinakayendera mayi wina wamasiye wa m'parishi yathu ino. Ndinawapeza pakhonde akuluka bulangete. Amuna awo anatisiya chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo tulo tinkawavuta. Anandiuza kuti: "Bambo, usiku ndinkangoganiza za lendi, fizi ya ana ndi ngongole. Ndikagwira Kolona, mtima unkangoyendayenda. Nditayamba kuluka m'pamene ndinaphunziranso kupemphera."

Ndinawapempha kuti andionetse malukidwe ake. Pamafunika ulusi ndi singano imodzi yokha, yokhala ndi kangowe kunsonga. Umayamba ndi tcheni, kenaka n'kumakola ulusi ndi kukoka, mfundo ndi mfundo, ukafika kumapeto kwa mzere n'kutembenuza. Bulangete lingakule bwanji, woluka amakhala ndi mfundo imodzi patsogolo pake. Ya mzere wamawa sangaikole lero.

Abale ndi alongo, kodi si mmene Kolona amayendera? Zala zimagwira mkanda umodzi, pakamwa pali Tikuoneni Maria mmodzi, ndipo pang'onopang'ono mtima umakhala pansi n'kuyamba kulingalira za moyo wa Ambuye Yesu. Ambiri a ife m'tauni muno sitipemphera bwino chifukwa tikufuna kusenza mavuto a mwezi wonse usiku umodzi. Pa Luka 10:38-42 Yesu sanadzudzule Marita chifukwa chogwira ntchito, koma chifukwa cha nkhawa zimene zinabalalitsa mtima wake. Manja angathe kukhala pa ntchito mtima uli pa mapazi a Ambuye.

Mayi aja anandiphunzitsanso china. Akaona kuti anadumpha mfundo mizere itatu kumbuyo, samangopitiriza, chifukwa bulangete limapotoka. Amamasula mpaka pomwe panalakwika, n'kuyambiranso ndi ulusi womwewo. Sakramenti la Kulapa nalonso ndi lotero. Mulungu sataya ulusi, amangotibweza pamene tinaphonya. Kodi m'banja mwanu, kapena kuntchito, pali mfundo imene munaidumpha ndipo mukupitiriza kuluka ngati palibe kanthu?

Bulangete lija si lao. Akulukira gogo wina wa mumphakati mwao amene amagona ndi chitenje chokha m'nyengo yozizira ino, ndipo mzere uliwonse amamupempherera. Ndinakumbukira Tabita wa ku Yopa pa Ntchito za Atumwi 9:36-42. Atamwalira, amayi amasiye anaonetsa Petro zovala zimene iye ankasoka, misozi ili m'maso. Mtendere umene Mulungu amatipatsa suthera pa ife eni, umakafunditsa mnzathu.

Si tonse tidziwa kuluka. Komabe sabata ino aliyense apatule mphindi 15 madzulo, aike foni pambali, atenge Kolona kapena ntchito yamanja yachete, ndipo apereke kwa Ambuye vuto limodzi lokha la tsikulo. Otha kuluka, phunzitsani achinyamata a m'miphakati mwanu, anyamata ndi atsikana omwe.

Amayi Maria atipempherere, ndipo Ambuye akupatseni mtendere wake.