Kugula Ndalama Yakufa

Kobiri lobooka pakati, lija la njobvu ziwiri, linayamba kuyenda mu 1955, m'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Lero silingagule ngakhale mcere, komabe alipo anthu amene amalipira makwaca kuti alisunge m'kabokosi. Kodi mphunzitsi wa malipiro ocepa, amene ana ace akudikira yunifolomu, acimwa pogula ndalama yakufa ndi ndalama yamoyo?

Akamapatula pang'ono pamwezi, monga anzace apatulira za fodya, palibe mlandu. Kobiri lofufutika silidula, ndipo mbiri yace ndi imodzimodzi ndi ya lonyezimira. Ciyeso cifika tsiku limene wogulitsa amtambasulira paundi yapepala yosowa, ija inasiyira malo kwaca mu 1968, ufa m'nyumba utatsala wa masiku awiri. Pamenepo munthuyo ayamba kuwerengera mumtima ndalama ya yunifolomu ija.