Mtsinje Ukauma, Tinyamule Amene Anatinyamula

MAU A SABATA INO
Werengani: 1 Mafumu 17:1-16, Yobu 2:11-13



Pa 20 January 2025, boma la America linaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja kwa masiku 90. Pasanathe sabata, mabungwe anayamba kulandira makalata akuti nchito iime. Pofika pa 1 July, USAID inatsekedwa. Kuno ku Zambia, amene anakhala pakhomo timawadziwa: aphungu amene anatilimbitsa mtima titalandira zotsatira za magazi, oyenda m'makomboni kukumbutsa odwala kukatenga ma ARV, madalaivala, ma data clerk. Ena timakhala nao benchi imodzi pa Sande.

Tamverani, abale ndi alongo. Mulungu mwini ndiye anatuma Eliya ku mtsinje wa Keriti. Anamwa madzi ake, makwangwala namubweretsera chakudya. Koma tsiku lina mtsinje unauma. Chifukwa chiyani? Mvula sinagwe. Eliya sanachimwe! Ndiye tisauze m'bale wathu kuti pali tchimo lobisika, kapena kuti sanali kupereka chakhumi. Chigamulo chinapangidwa ku Washington, osati m'nyumba mwake.

Dziwaninso kuti chowawa si malipiro okha. Munthu amene anazolowera kuthandiza, kupempha kumamuvuta. Usiku amaganizira odwala amene anawasiya osatsanzika. Kumudzi achibale akali kuyembekezera mobile money, landilodi naye afuna renti. Manyazi amamutsekera m'nyumba, ngakhale kutchalitchi amaleka kubwera.

Manje tichite bwanji?

1. Pitani mukakhale nao. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala chete pambali pake. Analakwa pamene anayamba kufotokoza chifukwa cha mavuto ake. Funsani kuti, "Mtima wanu uli bwanji?" Kenako mvetserani. Akalira, asiyeni alire.

2. Gawanani nao ufa wochepawo. Mayi wamasiye wa ku Zarefati analibe zambiri, koma ndiye anadyetsa mneneri. Saka la unga, ma bundle otumizira CV, ndalama ya basi yopitira ku intavyu. Perekani mwakachetechete, osaika pa gulu la WhatsApp.

3. Lemekezani mphatso yao. Kontrakiti inatha, luso silinathe. Mu cell group yanu, apempheni aphunzitse achinyamata za umoyo kapena atsogolere kuchezera odwala. Mukamva kuti kwina afuna anchito, auzeni msanga.

4. Khalani tcheru. Ngati sagona, sakudya, ayamba kumwa kwambiri, kapena akamba kuti kuli bwino kufa, musamusiye yekha. Ngakhale Eliya anafika popempha imfa (1 Mafumu 19), ndipo Mulungu anayamba wamupatsa chakudya ndi tulo asanakambe naye. Pempherani naye, komanso mumuperekeze kuchipatala akaonane ndi aphungu. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Ndipo inu amene nchito inatha, mau awa ndi anu. Munanyamula anthu ambiri, lolani tsopano tikunyamuleni. Musanene kuti "nili chabe bwino" pamene mtima ukuwawa. Dzina lanu silinafufutike kumwamba tsiku limene linachotsedwa pa payroll. Bwerani kunyumba ya Atate, malo anu akalipo. Aleluya!

PEMPHERO: Atate, m'dzina la Yesu, tikweza kwa Inu onse amene mtsinje wao unauma. Chiritsani mitima yosweka, chotsani manyazi, tsegulani makomo atsopano. Kumbukiraninso odwala amene anali kuwasamalira. Ife mutipatse makutu omva ndi manja opatsa. Amen!

CHOCHITA: Ganizirani munthu mmodzi. Mutumireni foni lero, ndipo Sande lisanafike mukamuone.

Ambuye akudalitseni.