Mgolo wa Kuseri kwa Nyumba

Nkhani imene tikufuna kuti tikambirane ulendo uno inabuka pa msonkhano wa banki mkhonde ya amayi a mpingo kuno ku Bangwe, tsiku lina Lachinayi dzuwa litapendeka. Inafika nthawi yoti aliyense wofuna ngongole anene chimene akufuna kukachita nayo. Wina anati tomato, wina kaunjika, wina makala. Kenaka anaimirira mayi wina wamasiye, mnzathu wa zaka zambiri, amene sajomba kukolopa m'tchalitchi Loweruka. Mayiwa ananena mosapita m'mbali kuti akufuna kugula mgolo, zigubu ziwiri ndi thumba la chimera, ayambe kufulula mowa wa masese kuseri kwa nyumba yawo. Akulera ana anayi ndi adzukulu awiri amasiye, ndipo eni nyumba anali atawapatsa kale masiku chifukwa cha lendi.

Tonse tinangoti zii. Amayi apampando anayang'ana pansi, alembi anayamba kuvundukula kope ngati ataya kanthu. Pamapeto pake tinagwirizana zoti tikaganize kaye, koma kunena zoona kunali kulithawa chabe funsolo. Kodi mayi wofulula mowa kuti adyetse ana ake akulakwa? Nanga ngati mgolowo wagulidwa ndi ndalama zathu, ife tili mbali iti?

Tiyambe ndi kuvomereza chinthu chimene timachidziwa koma sitikonda kuchinena tikavala yunifolomu. Ambiri a ife tinaphunzira sukulu ndi ndalama za mowa. Fizi, makope ndi nsapato zoyamba zinachokera mu mbiya ya amayi kapena ya agogo. Kumudzi mowa unali ndi ntchito yake. Munthu akalemedwa ndi munda ankafulula mowa wa dima, anzake nkubwera ndi makasu, ntchito ya sabata yathunthu nkutha tsiku limodzi. Pa ukwati, pa chinamwali ndi pokumbukira omwalira mbiya sinkasowa. Amene ankafulula sanali anthu osaopa Mulungu ayi, anali amayi omwewo amene anatiphunzitsa kugwada popereka madzi kwa alendo.

Ndiponso tikumbukire kuti thobwa imene timanyadira pa misonkhano yathu ndi mowa wa masese ndi ana a mayi mmodzi. Zonse zimayamba ndi chimera: kuviika mawere, mapira kapena chimanga, kuvundikira kuti zimere, kuyanika ndi kukagayitsa. Zonse zimafuna phala la ufa, ndipo chimera chikathiridwa m'phala lofunda chimalisungunula nkulitsekemeretsa. Pamenepo ndiye thobwa. Koma mukaisiya masiku angapo, tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timagwira ntchito yomweyo ya yisiti wa mandasi, timadya kutsekemera kuja nkutulutsa ukali woledzeretsa pamodzi ndi mpweya. Mpweyawo ndi umene umafufumitsa chigubu chotsekedwa kwambiri mpaka kuphulika, ndipo nchifukwa chake paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba. Chimene chimalekanitsa thobwa ndi masese kwenikweni ndi masiku ndiponso cholinga cha wophikayo. Tchimo likanakhala m'chimera, bwenzi tonse tili ndi mlandu.

Mbiri ya mipingo nayo siyankhula ndi pakamwa pamodzi. Amishoni a ku Livingstonia ndi ku Nkhoma ankaletseratu akhristu awo kumwa ndi kufulula, pamene amishoni a UMCA amene anadzala mpingo wathu ankalimbana ndi kuledzera koma sanafike poika lamulo lotere kwa onse. Mpaka lero pa guwa lathu pamakhala vinyo. Choncho sitinganamizire kuti tili ndi lamulo lachidule loti tingowawerengera mayi aja nkubalalika.

Komabe tisafulumire kunena kuti palibe vuto, chifukwa mbiya ya agogo si mgolo wa m'tauni. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Mbiya inali ndi tsiku lake. Mowa unkafululidwa chifukwa cha chochitika, unkamwedwa ndi anthu odziwana, akuluakulu ali pomwepo, ndipo mnyamata wosakwatira sankayerekeza kugwira chipanda pamaso pa amalume ake. Mowa ukatha, zatha, mbiya nkuvundikiridwa mpaka nyengo ina. Mgolo sudziwa zimenezo. Umalowa malita oposa 200, ndipo wogula mgolo ndi ngongole sangausiye kuti ugone wopanda kanthu. Chinanso, masese ndi mowa wamoyo. Ukapsa suleka kuwira, ndipo pakangopita masiku ochepa umasasa, ndalama za ufa, za nkhuni ndi za kuchigayo nkulowa m'madzi. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu ofulula mowa kunyumba mongosangalala, amene amausunga m'timigolo tachitsulo totsekeka ta malita pafupifupi 19, nkupoperamo mpweya ndi kuika mu filiji, ndipo mowawo umatha kudikira masabata. Iwowo alibe changu chofuna womwa. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Machinjiri alibe mwayi umenewo. Mgolo wake uli ndi njala, umafuna makosi okwanira dzuwa lachitatu lisanalowe.

Njala ya mgoloyo ndi imene imasintha munthu wabwino pang'onopang'ono. Tsiku loyamba amati sadzagulitsa kwa ana a sukulu. Tsiku lachitatu, mowa uli theka ndipo wayamba kusasa, kabwera kamnyamata ka Fomu 2 ndi ndalama m'manja. Amati sadzapereka pa ngongole, koma pakati pa mwezi anthu alibe ndalama, ndiye kope limatseguka. Mwezi ukatha bambo uja wolondera ku Limbe amayamba wadzera pamenepo kubweza ya mowa, kunyumba nkukafika ndi zotsala. Mkazi wake, amene akugona ndi njala ndi ana, mwina ndi mnzathu yemwe timakhala naye benchi limodzi Lamulungu. Ndalama imene yalipira lendi ya wamasiye wathu yachokera mu poto wa mayi wina. Izi sitingazibise, ngakhale timukonde bwanji wofululayo.

Pali mtengo winanso umene salembera m'kope. Nyumba za m'makwalala athu nzothithikana, bwalo lomwera mowa ndi lomwelo losewerera ana. Wotunga mowa ndi kutolera makapu nthawi zambiri amakhala mtsikana wa panyumbapo, ndipo amamva ndi kuona zimene sanayenere, usiku, pakati pa abambo oledzera. Amene tinakulira m'nyumba zofulula tikudziwa chimene tikunena.

Ndipo msewu wake ndi wotsetsereka. Womwa wa m'tauni amafuna chokhapa pa ndalama yochepa, choncho wa masese amapikisana ndi wa kachasu. Kachasu sasasa, amasungika m'botolo, ndipo phindu lake limaoneka msanga. Madeya, shuga ndi madzi, kuzisiya ziwire masiku angapo, kenaka kutcheza pa moto, nthunzi nkudutsa mu paipi yozizira nkumadontha m'botolo. Ngakhale dzina lake linabwera ndi Apwitikizi, kuchokera ku chakumwa chawo chotchedwa cachaça. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 poona mmene unkaonongera achinyamata, koma ludzu la mowa waukali wotchipa silinathe ndi lamulolo. Mu 2024 anthu angapo anamwalira mumzinda wathu uno wa Blantyre atamwa mowa wina umene omwawo anaupatsa okha dzina loti Ambuye Ntengeni. Taganizani, amayi, munthu kugula ndi ndalama zake chakumwa cha dzina lotero.

Wina anganene kuti amenewo ndi ochita zachinyengo, mnzathuyu ndi munthu woona mtima ndiponso waukhondo. Nzoona. Koma tamvani zimene zinachitika ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Januwale 2015. Anthu ochokera ku maliro anamwa mowa wa chimanga wofululidwa mu mgolo, ndipo 75 anamwalira, ena ambirimbiri nkugonekedwa m'chipatala. Mphekesera inawanda yoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, monga mmene ifenso tikanaganizira. Patapita miyezi, akatswiri atayeza mowawo ndi ufa wake, anapeza kuti panalibe mfiti kapena mdani. Ufa umene anafululira unali utanyowa ndi madzi osefukira, ndipo munamera kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli kamene kamatulutsa poizoni wosanunkha, wosamveka pa lilime, ndiponso wosatha mphamvu ngakhale muwiritse. Mayi wofululayo nayenso anali mmodzi wa omwalirawo. Sanafune kupha munthu.

Nkhani imeneyi itiopse ife a ku Blantyre makamaka. Tinaona ndi maso athu mu Malichi 2023 mmene namondwe wa Freddy anamizira nyumba ku Chilobwe, ku Ndirande ndi madera ena, matumba a chimanga ndi ufa nkunyowa. Ndipo tikudziwa chizolowezi chathu choti chimanga chikavunda, chosayenera nsima, timati tisataye, chikhale cha mowa. Fakitale ngati ija inatsegulidwa ndi Carlsberg muno mu 1968 ili ndi zipangizo ndi anthu oyeza chilichonse cholowa mu thanki. Mayi wa kuseri kwa nyumba ali ndi mphuno ndi lilime basi. Mgolo weniweniwo amaugula wogwiritsidwa kale ntchito, osadziwa ngati munali mafuta ophikira kapena mankhwala a kufakitale. Wofulula amasenza moyo wa aliyense womwa pakhomo pake, ndipo katunduyo sapepuka chifukwa choti mtima wake ndi wabwino.

Tsopano tidziyang'ane tokha, chifukwa nkosavuta kuloza chala mayi wosauka. Bambo wa malo omwera mowa wa m'mabotolo tikamuitana kukhala mlendo wolemekezeka pa tsiku losonkhetsa ndalama za tchalitchi, timamuimbira nthungululu, sitimufunsa kumene envulopu yachokera. Mwana wathu akapeza ntchito ku kampani ya mowa timapereka chithokozo. Koma wamasiye akatchula mgolo timayang'ana pansi. Ngati mowa wa mu botolo lonyezimira sutinyansa pamene wa mu chigubu ukutinyansa, ndiye kuti chimene chikutinyansa si mowa, ndi umphawi. Ndiponso kukana nkotchipa kwa ife amene tili ndi amuna olandira pamwezi. Tikati ayi nkubwerera kunyumba kukadya nsima ya ndiwo ziwiri, eni nyumba aja akadzatulutsa katundu wa mnzathu panja, sitingasambe m'manja nkumati ife tinangoteteza dzina la gulu. Ana asanu ndi mmodzi ogona panja nawonso ndi mlandu, ndipo pali njira zina zoipa kuposa mgolo zimene njala imakankhirako amayi ndi atsikana.

Nanga ife tikuima pati? Mmene tikuonera, kufulula pakokha si tchimo, ndipo mayi wofulula sayenera kumanongedwa kapena kusalidwa pa gulu. Mlandu wake umagona pa zimene wathira mu mgolo, pa munthu amene wamugulitsa, ndi pa nthawi imene wakana kuonjezera kapu ina. Mawu oti sindinamukakamize, anabwera yekha, ali ndi choona chake, pakuti womwayo ndi wamkulu ndipo adzayankha yekha. Koma samasula wogulitsa amene akuona bwinobwino kuti munthuyu akumwa ndalama ya ufa wa ana ake. Chovuta nchakuti malire amenewa amafuna munthu wotha kukana ndalama, pamene amene amayamba kufulula amayamba chifukwa choti sangathe kukana ndalama iliyonse. Nchifukwa chake sitingauike mgolo pa mzere umodzi ndi dengu la tomato ngati kuti ndi bizinesi wamba.

Lachinayi lotsatira tinakumananso, ndipo sitinamvane msanga. Ena anati ndalama ndi zawo zomwe amasonkha, tiwapatse, zochita nazo ndi zawo. Ena anati akachoka m'gulu ndalama yawo ikagula mgolo wa mowa. Amene anatithandiza ndi agogo ena amene anatcheza kachasu ku Ndirande zaka zambiri asanasamukire kuno. Sanadzudzule munthu. Anangofotokoza kuti ana awo onse anaphunzira ndi kachasuyo, mmodzi mpaka anakhala mphunzitsi, koma wachisamba wawo anayamba kulawa mutu wa kachasu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri powathandiza kusonkhezera moto, ndipo anamuika m'manda asanakwanitse zaka makumi atatu. Anati sadziwa mpaka lero ngati anapindula kapena analuza. Atakhala pansi panalibe wofuna kutsutsana ndi mnzake.

Tinagwirizana zowapatsa ngongoleyo, mgolo agule, chimera agule, koma aziphika thobwa. Tinasonkherana lendi ya miyezi iwiri yosabweza, ndipo amayi atatu okhala ndi mafiliji anavomera kumasungako mabotolo awo mosinthana. Mayiwa anavomera, ngakhale nkhope yawo sinaonetse chimwemwe chenicheni, chifukwa amadziwa masamu kuposa ife: phindu la thobwa silifika pa la masese, ndipo ogulitsa thobwa mu Limbe ndi ambiri kale.

Akugulitsa ndithu. Amalawirira m'mamawa ndi ndowa ya mabotolo pamutu kupita kumene amaimira maminibasi, ndipo masiku otentha amabwerako ndowa ili pululu. Masiku ozizira, kapena magetsi akazima nthawi yaitali, zinthu zimavuta. Pa msonkhano wapitawu, atabweza gawo loyamba la ngongole, anatifunsa funso mwaulemu ndithu. Anati sabata imeneyo thobwa ya theka la chigubu inatsala, ndipo pofika tsiku lachitatu inali itayamba kale kuluma pa lilime. Bambo wina woyandikana nawo nyumba anainunkhiza nkunena kuti agula yonse. Tsiku limenelo iwo anaithira m'ngalande, koma akufuna tiwauze ngati ulendo wina adzatayenso. Alembi analemba funsolo m'kope, ndipo lili pa mndandanda wa zokambirana za Lachinayi likudzali.