Mantha a Woyendetsa Galimoto

Abale, munthu wina anayendetsa galimoto zaka zambiri popanda choipa. Tsiku lina la dzinja anaponda mabuleki mwadzidzidzi pamatope, ndipo galimoto inaterereka nigwera m'ngalande. Panalibe wovulala, inasweka nyali imodzi yokha. Amisiri anaikonza tsiku lomwelo, koma mwini wake anatha miyezi itatu osakhudza chiwongolero.

Kodi mantha otere ndiwo nzeru? Ena amseka nati, "Mwamuna saopa." Awa alakwa ndithu, pakuti manthawo anena zoona pang'ono. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki aimitsira galimoto uwirikiza kanayi, ndipo pamatope uposa pamenepo. Woopa ichi ayendetsa bwino kuposa womseka.

Koma ine sinditama mantha akumanga munthu pakhonde. Tsiku lililonse iye akakana ulendo, mtima wake upepuka, nuyesa kuti kukanako ndiko kwampulumutsa. Motero m'mawa mwake mantha akhala atakula. Sataya iye yekha. M'mudzi wa galimoto imodzi, mayi wodwala usiku adzamnyamula ndani kumka naye kuchipatala?

Tsono ayambe atchula cholakwa chake: ndinathamanga, ndinaponda mabuleki kolimba. Cholakwa chodziwika chichepa kuposa tsoka losadziwika, chifukwa chikonzeka. Pamenepo atenge mnzake wofatsa, wosalongolola, azungulire naye pabwalo la mpira kutacha. Mawa lake afike kumsika. Manja akanjenjemera aime pambali, apume, nayambenso. Mlungu usanathe apite dala pamalo paja anagwera, msewu uli wouma.