Kodi Nkoyenera Kugwira Ntchito ya Nkhalango Popanda Malipiro?

Aphunzitsi, musanaime pamaso pa ana ndi phunziro ili, yambani mwalingalira funso limene mwana wochenjera angakufunseni: "Bwanji amayi anga adzale mitengo kwaulere, pamene amene adadula mitengoyo adalandira ndalama?" Funsoli si lachibwana ayi, ndipo musamkalipire mwanayo.

Titenge chitsanzo cha mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Mtengo umenewu sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mu 1984 udatchedwa mtengo wa fuko lathu. Matabwa ake ndi onunkhira, saola msanga, ndiponso chiswe sichiwadya. Ubwino womwewo ndiwo udauphetsa. Ocheka matabwa ankakwera phiri namatsika atasenza matabwa pamutu, ndipo mitengo ing'onoing'ono imene adaisiya idapsa ndi moto wolusa. Pofika mu 2017, ofufuza adapezako mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, lidakhazikitsa nazale, ndipo mbande zambirimbiri zidakwezedwa kukadzalidwa. Koma mkungudza umakula pang'onopang'ono. Munthu wachikulire amene akuudzala lero sadzachekapo thabwa.

Tsono nkoyenera kumpempha kuti alambule njira zotchinga moto, kapena adzuke usiku kukazimitsa moto, osalandirapo kanthu?

Anthu a kumeneko ali ndi chifukwa chokayikira ntchito yaulere. Liu lakuti thangata poyamba linkatanthauza kuthandizana, koma m'minda ya Azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu lidasanduka dzina la ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira kuti asachotsedwe pa malo. Ichi chinali chimodzi mwa zodandaula zimene zidautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Kotero pamene munthu wovala bwino afika m'mudzi pa galimoto nanena kuti, "Dziperekeni," iye mwini akulandira malipiro pakutha pa mwezi, tisadabwe okalamba akangoyang'ana pansi.

Koma makolo athu ankadziwanso dima. Pa dima palibe amene ankalipidwa, koma palibenso amene ankadyeredwa masuku pamutu, pakuti lero tilima kwanu, mawa kwathu, ndipo thobwa timwera pamodzi. Khasu la thangata ndi khasu la dima nlimodzimodzi, thukuta nlomwelo. Chosiyana nchakuti pa dima anthu adapangana okha, ndipo phindu lidatsala pakati pao.

Ine ndiganiza kuti yankho la mwana uja lagona pamenepa. Ngati mudzi wakhala pansi, wagwirizana wokha, ndipo madzi, nkhuni, bowa ndi uchi za m'nkhalangomo zidzakhala zao, ntchitoyo njoyenera ngakhale palibe ndalama. Buku la Genesis, mutu 2, lionetsa kuti kusunga munda udali udindo wa munthu malipiro asanayambike. Koma ngati osauka ndiwo azidzala, ena ndi kumadula usiku akuluakulu atatseka maso, pamenepo kuwauza kuti adzipereke ndi kuwanyenga. Tikumbukirenso kuti madzi a mtsinje wa Likhubula amayenda m'mipope mpaka ku Blantyre. Wa m'tauni amene amamwa madziwo ali ndi ngongole kwa wozimitsa moto pa phiri, ngakhale sadzaonana nkomwe.

Pali chinthu china chimene dima salongosola. Nanzikambe wamng'ono wa m'nkhalango za Mulanje, amene sapezeka kwina, sangabwere kudzalima kwathu mawa. Ana amene adzabadwe ife titapita sangatithokoze. Pano munthu amapereka kwa amene sangabweze, monga ifenso tidadya mango a mitengo imene sitidadzale. Ntchito yotere munthu angaisankhe, koma sitingamkakamize. Tikakakamiza, yasanduka thangata.

Chifukwa chake musapatse ana ntchito yodzala mitengo ngati chilango, ndiponso musanyoze mwana amene makolo ake amaotcha makala, pakuti mwina nsima ya kwao ichokera pamenepo. Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Ngati kalasi lanu lifuna kudzala, ana asankhe okha malo ndi mtundu wa mitengo, ndipo apangane za wothirira m'chilimwe ndi wotchingira mbuzi. Mudzale yochepa imene mungathe kuisamala. Mwezi wa Okutobala mudzapite nawo kukawerenga imene yatsala yamoyo.